Dziko Laling'ono Kumene Chimanga Amachiphika ndi Phulusa

Ambiri a ife tinayamba kudziwa mayiko akutali kudzera pa mapu a kuchikuto chakumbuyo kwa buku la lesoni. Aphunzitsi a Sukulu ya Sabata ali mkati mofotokoza, ife maso ali pa mapu, chala chikuyenda m'malire a mayiko amene chopereka cha Sabata la 13 chikupitako. Ikakhala kotala ya chigawo cha Inter-America, tinkaona kamtunda kopyapyala kolumikiza America wakumpoto ndi wakummwera, ndipo pa kamtundako panali timayiko tothithikana, mayina ake ochita kulembedwa panyanja chifukwa pamtunda malo sanakwane. Kamodzi mwa timayiko timeneti ndi Costa Rica.

Masiku ano dzina limeneli likumveka kawirikawiri m'misonkhano yathu ya zaumoyo. Wokamba akatchula Loma Linda, tauni ya ku California kumene abale athu amakhala zaka zambiri kuposa anzawo ena a ku America, satenga nthawi kutchulanso Nicoya wa ku Costa Rica. Koma nkhani imathera pomwepo, ngati kuti Nicoya ndi dzina la mankhwala. Nicoya ndi malo, ali ndi dothi lake, mitsinje yake ndi mavuto ake, ndipo anthu ake amadya chimanga, nyemba ndi maungu ngati ife tomwe. Zimene zikuchitika kumeneko zikukhudza khomo lililonse lodya nsima. Kuti tikafike bwino, tiyambe taliona dziko lonse.

Msana wa mapiri

Costa Rica ndi wamkulu masikweya kilomita pafupifupi 51,000, kutanthauza kuti safika ngakhale theka la Malawi, ndipo anthu ake angopitirira pang'ono 5 miliyoni. Kumpoto wachita malire ndi Nicaragua, kummwera chakum'mawa ndi Panama. Mbali ziwiri zotsalazo ndi madzi amchere okhaokha, nyanja ya Pacific kumadzulo ndi ya Caribbean kum'mawa. Pamene dzikoli lawonda kwambiri, kuchoka kugombe lina kufika kugombe linzake ndi makilomita pafupifupi 120 basi, ngati kuchoka ku Blantyre kufika ku Liwonde. Likulu lake, San José, latalikirana ndi mzere wa ikweta mofanana ndi Karonga, kungoti ilo lili kumpoto kwa mzerewo pamene ife tili kummwera.

Pamapu, mtunda wotere ukuoneka ngati ulendo wa maola awiri. Koma pakati pa magombe awiriwa pali msana wa mapiri umene wadutsa dziko lonse, kuchokera kumpoto chakumadzulo mpaka kukalowa mu Panama. Mapiri a kumpoto ndi pakati ndi aja ophulika, otulutsa moto ndi phulusa. A kummwera, otchedwa Talamanca, ndiwo aatali kwambiri. Nsonga yake, Chirripó, ili pa mamita 3,820, pamene Sapitwa wathu wa ku Mulanje ali pa 3,002, ndipo m'mawa wina pamwamba pakepo madzi amachita kuundana. Msewu waukulu wopita kummwera umakwera kupitirira mamita 3,000 pa malo otchedwa Cerro de la Muerte, kutanthauza phiri la imfa. Dzinali linachokera m'masiku amene anthu ankadutsapo wapansi, ena kukawadera pamwamba nkufa ndi chisanu. M'dziko lotentha limenelo!

Msana umenewu ndiwo umagawa mvula. Mphepo yochokera ku Caribbean imabwera itasenza chinyezi. Ikagunda mapiri imakwera, nkuzizira, nkutula mvula yake mbali ya kum'mawa. Pofika kutsidya imakhala itauma. N'chifukwa chake kum'mawa mvula imagwa pafupifupi mwezi uliwonse, m'malo ena kupitirira mamilimita 5,000 pachaka, pamene chigawo cha Guanacaste, kumpoto chakumadzulo, chimakhala ndi chilimwe chenicheni kuyambira Disembala mpaka Epulo: udzu kuuma, mitengo kuyoyola masamba, fumbi kobo m'misewu. Nyengo yawo yatembenuka poyerekeza ndi yathu. Ife tikamapalira iwo ali m'chilimwe, ife tikamakolola mu Meyi iwo akubzala. A ku Mulanje ndi ku Thyolo akuidziwa bwino nkhani ya phiri kugwira mitambo. Ku Costa Rica nkhani imeneyi ndi ya dziko lonse.

Chigwa cha pakati ndi mtengo wa chonde chake

Anthu oposa theka la dzikoli amakhala m'chigwa chimodzi chokwera chotchedwa Valle Central. San José ali pa mamita pafupifupi 1,170, pamwamba pang'ono kuposa Lilongwe. Pafupi naye pali Cartago, Heredia ndi Alajuela, mizinda imene kale inkalekanitsidwa ndi minda ya khofi koma lero yakula mpaka kukumana. Chimene chinakokera anthu kumtunda n'chosavuta kuchimvetsa: nkozizirira bwino, udzudzu ndi wochepa, ndipo dothi ndi lachonde chifukwa cha phulusa la mapiri. Ku Alajuela ndiko kuli bwalo lalikulu la ndege, komanso yunivesite ya mpingo wathu, Universidad Adventista de Centro América, kumene achinyamata ochokera m'mayiko ozungulira amaphunzira ubusa, unamwino, uphunzitsi ndi zina.

Mlendo m'mizinda imeneyi amayamba wasokonezeka ndi kalondoleredwe ka malo, ngakhale ife sitingadabwe nako. Manambala a nyumba ndi mayina a misewu anthu salabadira kwenikweni. Amakulondolera kuti mamita 200 kummwera kwa tchalitchi, kenaka 50 kumadzulo, ndipo akati mamita 100 akutanthauza kuchoka pamphambano ina kufika pa yotsatira. Ku San Pedro, m'mbali mwa San José, anthu akhala akulondolerana kuyambira pa mtengo wina wa mkuyu umene unagwa kalekale. N'chimodzimodzi kwathu kuno, kumene munthu amauzidwa kuti atsikire pachigayo pamene chigayocho chinatsekedwa iye asanabadwe.

Chonde cha m'chigwachi chili ndi mtengo wake. Phiri la Irazú, lalitali mamita 3,432, layang'anizana ndi Cartago. Mu Malichi 1963, patatsala masiku ochepa kuti mtsogoleri wa America John F. Kennedy afike ku San José, phirili linayamba kulavula phulusa ndipo linapitiriza mpaka 1965. Anthu ankayenda ndi maambulera popanda mvula, ankasesa phulusa pamadenga, ng'ombe zinkasowa msipu. Mu Disembala chaka chomwecho mvula inakokolola phulusa lija kuchokera m'phiri, matope nkutsika ndi mtsinje wa Reventado ngati napolo, kugumula nyumba mazana angapo m'mbali mwa Cartago ndi kupha anthu osachepera 20. Phiri lina, Arenal, anthu ankalilima m'mphepete poganiza kuti linazima kalekale, kufikira pa 29 Julayi 1968 pamene linaphulika nkukwirira midzi itatu, anthu 87 nkufa.

Koma pa zonse za m'chigwachi, chimene tikufuna kuti omanga nyumba achimve ndi cha pa 4 Meyi 1910. Tsiku limenelo chivomezi chinagwetsa Cartago, mzinda wakale umene unali likulu la dzikoli mpaka 1823. Anthu mazana ambiri anafa, ochuluka mwa iwo ataphwanyidwa ndi makoma a zidina ndi madenga olemera a matailosi. Boma linachita chinthu chosakondweretsa anthu: linaletsa kumanga nyumba za zidina. Anthu anayamba kumangira matabwa ndi malata, pambuyo pake simenti yokhala ndi zitsulo mkati, ndipo mu 1974 dzikoli linakhazikitsa malamulo a kamangidwe kopirira chivomezi. Patapita zaka zoposa 100, pa 5 Sepitembala 2012, chivomezi champhamvu ya 7.6 chinagwedeza dziko lonse kuchokera pansi pa Nicoya. Nyumba, sukulu ndi chipatala chachikulu cha ku Puntarenas zinang'aluka, koma amene anafa anali owerengeka pa dzanja limodzi.

Ifenso tikukhala m'chigwa chachikulu chong'ambika cha Africa, ndipo a ku Salima akukumbukira 1989, a ku Karonga Disembala 2009. Sitikunena kuti aliyense agwetse nyumba yake ya zidina, poti ambiri a ife ndi zimene tingakwanitse. Koma timaona m'mipingo mwathu momwe, ndalama zikachepa, choyamba kuchepetsedwa chimakhala bimu ndi zitsulo za m'makona, pamene penti ndi khonde zikuyenera kuoneka bwino pa tsiku lopatulira. Bimu ndiyo imamanga makoma anayi kuti akhale chinthu chimodzi pansi pakagwedezeka.

Kutsikira ku Limón

Ife khofi sitimwa, koma mbiri ya dzikoli sitingaifotokoze popanda iye. Khofi wa m'chigwa cha pakati anayamba kupita mwachindunji ku England mu 1843, ndipo njira yake inali yokhotakhota modabwitsa. Ankamusenza pa ngolo za ng'ombe masiku angapo kutsikira ku Puntarenas, kugombe la Pacific, kenaka sitima inkazungulira nsonga ya kummwera kwa South America yonse kuti ikafike ku Ulaya. Ngolo zimenezi anthu anayamba kuzikongoletsa ndi penti ya mitundumitundu, ndipo m'tauni ya Sarchí akuzipangabe. Gombe la Caribbean, loyang'ana ku Ulaya, linali pafupi, koma pakati panali zigwembe, nkhalango yowirira ndi madambo.

Njanji yodutsa mmenemo inayambika mu 1871 ndipo inatha mu 1890, pansi pa munthu wa ku America dzina lake Minor Keith. Anthu zikwi zingapo anafera pa ntchitoyo, ambiri ndi malungo, yellow fever ndi kamwazi. Anthu a kumtunda ankakana kutsikirako, choncho anabweretsa antchito ochokera kunja, ochuluka a ku Jamaica, zidzukulu za akapolo ochokera kuno ku Africa. Keith anabzala nthochi m'mbali mwa njanji, ndipo nthochizo zinadzakhala bizinesi yoposa njanjiyo. Mpaka lero chigawo cha Limón n'chosiyana ndi dziko lonse. Achikulire ambiri amalankhula Chingerezi cha ku Caribbean pamene ena onse amalankhula Chisipanishi, matchalitchi a Chipulotesitanti ndi ambiri, ndipo mpunga ndi nyemba amaziphika mu mkaka wa kokonati. Anthu akudawa anakhala zaka zambiri akuonedwa ngati alendo m'dziko lobadwira, ndipo unzika wathunthu anaupeza itadutsa 1948. Ngakhale katundu wambiri wa dzikoli amatulukira pa doko la kumeneko, Limón ali m'gulu la zigawo zosauka kwambiri.

Msewu wa tsopano wolumikiza San José ndi Limón, umene unatsegulidwa mu 1987, umaboola phiri nkutsika m'nkhalango ya Braulio Carrillo, ndipo mvula ikakula umatsekeka kawirikawiri ndi zigumukire. Kuchidikha, minda ya nthochi ndi nanazi yangoti yalaa mpaka kumene maso alekezera. Zithunzi zokopa alendo sizionetsa mbali imeneyi. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, mankhwala ena ophera tizilombo ta m'mizu ya nthochi anachititsa amuna zikwizikwi ogwira ntchito m'mindamo kukhala osabereka. M'zaka zaposachedwa, midzi ina ya kufupi ndi Siquirres inakhala zaka zambiri ikumwa madzi obwera pa galimoto chifukwa akasupe ake analowa mankhwala a m'minda ya nanazi. Dziko lotchuka ndi kusamala chilengedwe ndi lomwelinso limathira mankhwala ochuluka kwambiri m'minda yake.

M'zidikha zotenthazi mulinso njoka, makamaka ina yoopsa yotchedwa terciopelo imene imakonda kubisala m'minda. Vuto limeneli linabala chinthu chabwino. Kuyambira 1970, bungwe la Instituto Clodomiro Picado, la yunivesite ya boma, limaweta njoka ndi akavalo nkumapanga mankhwala othana ndi ululu wa njoka. Lero limapanganso mankhwala a njoka za kuno ku Africa.

Kufikira munthu wa kuseri kwa phiri

Pa 1 Disembala 1948, itangotha nkhondo yaifupi yapachiweniweni, mtsogoleri José Figueres Ferrer anathetsa gulu la asilikali, ndipo malamulo aakulu a dziko a 1949 anatsimikiza zimenezo. Nyumba yaikulu ya asilikali ku San José anaisandutsa yosungiramo zinthu zakale. Mpaka lero dzikoli lili ndi apolisi okha. Ndalama zambiri zinapita ku sukulu, madzi a m'mipopi ndi zipatala, pansi pa bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo limene linayamba mu 1941.

Chotisangalatsa ife ndi momwe anathanirana ndi mapiri. Chipatala chachikulu sichithandiza mayi amene ali kuseri kwa mitsinje itatu. Kuyambira 1995 dziko lonse analigawa m'timadera ta anthu pafupifupi 4,000, kalikonse nkukapatsa kagulu kake: dokotala, namwino, wolemba kaundula, ndi mmodzi amene ntchito yake ndi kuyenda khomo ndi khomo. Ameneyu amayenda pa njinga yamoto, pa kavalo, pa bwato kapena wapansi. Amayeza kuthamanga kwa magazi ndi shuga, amabaya katemera, amaona chimbudzi ndi madzi akumwa, ndipo banja lililonse lili ndi fayilo yake. Akufanana ndi alangizi athu a zaumoyo a m'midzi, kungoti iye ali ndi dokotala kumbuyo kwake amene akuyembekeza lipoti. Lero mwana wobadwa ku Costa Rica amayembekezeka kukhala zaka pafupifupi 80, kuposa wobadwa ku United States, dziko lolemera kuwirikiza kangapo.

Nicoya

Kuchoka ku San José kupita ku Nicoya munthu amatsika mapiri kulowera ku Pacific, nkukhotera kumpoto m'dziko lotentha la ng'ombe ndi nzimbe, kenaka nkuwoloka mtsinje wa Tempisque pa mlatho umene unatsegulidwa mu 2003. Mlathowu usanabwere ankawoloka pa pantoni kapena kuzungulira kutali kudzera ku Liberia, likulu la Guanacaste. Nicoya ndi chigawo cholowa m'nyanja, cha timapiri touma ndi zigwa zing'onozing'ono. Eni ake akale ndi a mtundu wa Chorotega, alimi a chimanga ndi oumba mbiya. M'mudzi wa Guaitil akuumbabe. Kale dera limeneli linali lapalokha, loyang'ana kwambiri ku Nicaragua, mpaka pa 25 Julayi 1824 pamene anthu ake anasankha kulowa mu Costa Rica. Kwa zaka zambiri linali dera lakutali, losauka, la misewu yoipa.

Katswiri wina wa chiwerengero cha anthu wa m'dzikolo, Luis Rosero-Bixby, pofufuza m'kaundula wa kubadwa ndi imfa, anapeza kuti achikulire a kuderali, makamaka amuna, ankafika zaka 90 ndi 100 mochuluka kuposa kwina. Mlembi wa ku America Dan Buettner, amene mu 2005 analemba m'magazini ya National Geographic za Okinawa, Sardinia ndi Loma Linda, anadzawonjezera Nicoya pa mndandanda wa madera amene anawatcha Blue Zones. Maboma ang'onoang'ono asanu ndiwo amatchulidwa: Nicoya, Santa Cruz, Hojancha, Nandayure ndi Carrillo.

Moyo wa achikulire amenewa ulibe chachilendo. Anakula akudzuka kusanache, akugwira ntchito ya manja padzuwa, akuyenda wapansi kapena pa kavalo, akugona molawirira. Amakalambira pakati pa ana ndi zidzukulu, ndipo ambiri ndi opembedza. Pansi pa dera lawo pali miyala ya laimu, choncho madzi a m'zitsime ali ndi kashiamu wambiri, uja wolimbitsa mafupa. Chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku ndi chimanga, nyemba zakuda ndi maungu, kuwonjezerapo mpunga, nthochi zophika, mapapaya ndi zipatso zina za pakhomo, dzira ndi mkaka pang'ono. Nyama inali ya apo ndi apo. Nyemba amayamba kudya m'mawa.

Mbewu zitatu zimenezi kwawo ndi kumeneko. Chimanga, nyemba ndi maungu zinachokera ku America nkufika kuno zaka mazana angapo zapitazo. Koma chimanga chinawoloka nyanja chokha, kusiya kwawo njira yake yochikonzera. Mayi wa ku Nicoya sakonola chimanga. Amachiwiritsa chathunthu m'madzi othira phulusa la nkhuni kapena laimu pang'ono, nkuchisiya m'madzi omwewo usiku wonse. M'mawa amachitsuka bwinobwino, khungu lakunja nkuchoka lokha, kenaka amachipera chili chonyowa pa mphero kapena pa kachigayo ka manja. Phala lolimbalo amaliumba timikate topyapyala ngati chapati, totchedwa tortilla, nkuotcha pa phale popanda mafuta.

Phulusalo lili ndi ntchito yaikulu. M'chimanga muli vitamini yotchedwa niacin, koma ndi yomangika moti thupi limalephera kuitenga. Kuwiritsa ndi phulusa kapena laimu kumaimasula. Kukakhala kwa laimu kumawonjezeranso kashiamu, ndipo njira yomweyi imachepetsa poizoni wa chuku. Munthu wodalira chimanga chosakonzedwa motere, popanda ndiwo zokwanira, amadwala pelagra: khungu limada ndi kukakala pamene pamawomba dzuwa, pakhosi ndi pamikono, amatsegula m'mimba, mutu umasokonezeka, ndipo akapanda kuthandizidwa amafa. Matenda amenewa anavutitsa Italy, Spain ndi kummwera kwa United States, koma kwawo kwa chimanga sankadziwika kwenikweni. Ife tinawaona ndi maso. Mu 1990, mtedza utasowa pa chakudya chimene ankagawira abale athu othawa nkhondo a ku Mozambique, anthu oposa 18,000 anadwala pelagra m'misasa ya kuno ku Malawi m'miyezi yochepa chabe.

Chodabwitsa n'chakuti phulusa m'khitchini si lachilendo kwa ife. Agogo athu ankatcheza chidulo chophikira therere, ndipo ena akutchezabe. Kungoti ife chidulo timathira m'masamba, mmene chimawononga ena mwa mavitamini, pamene m'chimanga, mmene chikanathandiza, sitithiramo. M'malo mwake timakonola, kuviika mphale masiku angapo, kutaya madzi ake, nkugayitsa ufa woyera mbee, madeya nkupatsa nkhuku. Nkhukuzo ndi zimene zikudya gawo labwino la chimanga chathu. Mgaiwa umasunga zambiri zimene ufa woyera umataya, ngakhale kuti niacin wake amakhalabe womangika, ndiye chifukwa chake nyemba, nandolo, soya ndi nsinjiro siziyenera kusowa pambali pa nsima, makamaka m'makomo mwathu mmene ambiri tinasiya nyama. Wofuna kuyesa njira ya ku Nicoya agwiritse ntchito phulusa losefa la nkhuni zoyera, zopanda penti kapena pulasitiki, ndipo atsuke chimangacho kangapo. Laimu wa pa ntchito yomanga asayandikire mphika.

Mwayi umene ukutha

Pali mbali ina imene okamba athu saitchula kawirikawiri. Mu 2023 Rosero-Bixby yemwe uja anabwereranso ku kaundula ndipo anapeza kuti mwayi wa Nicoya ukuzilala. Amuna obadwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 analidi ndi moyo wautali modabwitsa, koma obadwa itadutsa 1930 sakusiyananso kwenikweni ndi anzawo a m'dziko lonse, ndipo dera limene mwayiwo ukuonekabe lachepa kwambiri. Mapiri ndi omwewo, madzi ndi omwewo. Ambiri amaloza zimene zikuoneka ndi maso: mlatho ndi misewu ya phula zinabweretsa njinga zamoto, zakumwa za shuga, zokazinga za m'mapaketi ndi ufa wa tortilla wogula m'sitolo, m'magombe a Nosara, Sámara ndi Tamarindo mwadzaza mahotela, ndipo achinyamata akusiya minda kukagwira ntchito kumeneko. Matenda a shuga ndi kunenepa kwambiri zikuchuluka.

Zimenezi zikutikhudza pawiri. Choyamba, midzi yathu ili pa njira yomweyo. Pa golosale iliyonse chakumwa cha shuga chikupezeka mosavuta kuposa chipatso, ndipo mwana amene agogo ake ankapita kusukulu ndi mbatata lero akupita ndi kapaketi. Chachiwiri n'cha ife a mpingo. Timakonda kutchula Loma Linda ngati kuti zaka zimene abale athu akumeneko amakhala ndi mphatso yobwera ndi satifiketi ya ubatizo. Kafukufuku wa pakati pa a Adventist eniake anaonetsa kusiyana kwakukulu pakati pa amene amasunga uthenga wa zaumoyo ndi amene amangoudziwa. Zidzukulu za ku Nicoya zikunyadira dzina la agogo awo uku zikudya zosiyana ndi zimene agogowo ankadya.

Ndipo m'chigawo chomwecho cha Guanacaste, mtunda wochepa kuchokera kumidzi ya achikulire a zaka 100, muli anyamata amene akufa asanafike zaka 50. M'zidikha za kufupi ndi Cañas ndi Bagaces, nzimbe amadula m'chilimwe, pamene kutentha kumapitirira madigiri 35. Kwa zaka zambiri madokotala akhala akuona amuna odula nzimbe ndi ena ogwira ntchito zolemetsa padzuwa akufika kuchipatala impso zitawonongeka, alibe shuga, alibe vuto la kuthamanga kwa magazi. Matenda omwewa aliko ku Nicaragua ndi El Salvador. Ofufuza ambiri amaloza kutentha ndi kuuma kwa thupi kobwerezabwereza, tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka, munthu akulipidwa malinga ndi mulu umene wadula kotero kuti kupuma kumakhala kutaya ndalama. Mu 2015 boma linakhazikitsa lamulo lokakamiza olemba ntchito kupereka madzi, mthunzi ndi nthawi yopuma. Aliyense amene anagwirapo khasu ku Chikwawa kapena ku Nsanje mu Okutobala akukudziwa kutentha kotere. Timati ntchito ya manja ndi dzuwa ndi mankhwala, ndipo n'zoona, koma bambo wopita kumunda m'nyengo imeneyo anyamule chigubu cha madzi, amwe asanamve ludzu, ndipo mkodzo ukayamba kuda adziwe kuti impso zikudandaula.

Madzi a ku Hojancha

Pakati pa zaka za m'ma 1950 ndi 1980 Costa Rica anadula nkhalango zake mofulumira kwambiri, makamaka pofuna msipu wa ng'ombe zogulitsa nyama kunja. Zowerengera zina zimati pofika 1987 nkhalango inatsala pa gawo losafika limodzi mwa magawo anayi a dziko. Lero yabwerera kupitirira theka. Mitengo ya nyama itagwa alimi ambiri anasiya msipu, ndipo lamulo la 1996 linaletsa kusandutsa nkhalango kukhala munda, nkukhazikitsa njira yolipira mwini malo chifukwa chosunga mitengo yake, ndalama zake zochokera ku msonkho wa mafuta a galimoto. Boma linali ndi chifukwa chake: magetsi ambiri a dzikoli amachokera m'madamu monga la Arenal, ndipo damu lopanda nkhalango kumtunda limadzaza matope, monga tikudziwira ndi Shire wathu.

Hojancha, kamodzi mwa timaboma tisanu tija, kanali pakati pa madera ometedwa kwambiri. Mapiri anasanduka msipu, dothi linakokoloka, mabanja ambiri anasamuka, ndipo mtsinje wa Nosara, umene tauniyo imamwa, unatsala pang'ono kuuma. Mu 1992 anthu a m'tauniyo anapanga bungwe lawo nkuyamba kusonkherana ndalama zogulira malo a kumutu kwa mtsinjewo, hekitala imodziimodzi, kwa eni ng'ombe amene ankafuna kugulitsa. Malo ogulidwawo ena ankabzalamo mitengo, ena ankangowatchinga kuti ng'ombe ndi moto zisalowe, thengo nkumera lokha. Malowa akutchedwa Monte Alto. Lero ndi nkhalango ya mthunzi, muli anyani olira m'mawa ndi tinjira toyendamo ana a sukulu, ndipo akasupe a kumutu kwa Nosara akutulutsanso madzi m'chilimwe.